Mizere Yokhota ya Ambuya

Lolemba, 12 Ogasiti 2019

Tafika. Atipatsa bedi la pawindo mu wodi ya amuna odwala maso. Wodwala si ine, ndi Ambuya, bambo awo a Ama, a Frackson Mhone a ku Usisya, osoka maukonde. Ine ndine gadiyani. Ama sakanatha kusiya ntchito ku loji ku Kande, amalume ali pa nyanja, ndiye anati apite Temwani, sukulu atsekera komanso Chichewa amachitha. Ambuya Chichewa amamva, koma akakwiya amayankha m'Chitonga basi.

Ndagula kope pa depoti kuti ndizilemba zonena madokotala, ndisakasokoneze pofotokozera Ama.

Boti linativuta ndi mwera. Ambuya sanasanze, ndinasanza ndine. Mu minibasi yokwera ku Mzuzu anandifunditsa jekete lawo la kutchalitchi. Jeketelo alitenga kuti adzavale pobwerera. Akuti, "Anthu adzandione ndikuwaona."

Kuno kukuzizira zedi. Ndayala mphasa pambali pa bedi.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Atiyeza. Nesi wathu ndi a Gideon, a ku Dedza, aatali, olankhula pang'onopang'ono.

BP: 178/100. Yakwera. Awapatsa piritsi limodzi m'mawa uliwonse. Shuga alibe.

Kenako chikwangwani cha ma E oloza uku ndi uku. Diso lakumanzere: ngakhale E wamkulu wapamwamba sanamuone. Dzanja la a Gideon analiona pokhapokha likudutsa cham'mbali. Diso lakumanja: mizere iwiri yapamwamba yokha, ndipo anadandaula kuti miyendo ya E ndi yopindika.

Ambuya anawauza a Gideon okha, mokondwa: "Ng'ala yakhwima tsopano, ada. Ndaidikira zaka ziwiri."

Kwathu aliyense amadziwa kuti ng'ala sachotsa yosakhwima. Ukapita msanga amakubweza, wangotaya ulendo. Ndiye diso lakumanzere litayamba kuchita mdima pakati, anthu onse anati dikirani, ikhwime kaye. Anadikira. Lakumanja layamba mwezi wa Meyi.

A Gideon anawadonthezera mankhwala okulitsa kamwana ka diso, n'kuyang'ana nthawi yaitali ndi kagalasi. Kenako anati ng'ala ilimo koma ndi yaing'ono kwambiri, si imene ikuwatseka. Tidikire adokotala oona za kumbuyo kwa diso, abwera Lachisanu kuchokera ku Lilongwe. Ndinawauza Ambuya. Anati, "Mnyamatayu sanaone bwino."

Pa bedi loyandikana pali a Zakeyo a ku Mpamba. Anali khukhi m'maloji mpaka ng'ala inawatseka maso onse awiri. Pakamwa pokha sipanatsekeke. Amva cholembera changa chikukanda pepala ndiye akunditchula "adokotala a ku Usisya". Ndinachita manyazi, wodi yonse inaseka.

Lachitatu, 14 Ogasiti

BP 166/96.

A Zakeyo awachita opaleshoni diso limodzi. Abwera ndi bandeji akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Akazi awo, a Belita, andisonyeza kukhitchini ya magadiyani ndipo andipatsa malo pa mafuwa awo. Ndinabwera ndi ufa wa kondowole ndi usipa wouma. Azimayi a ku Mzimba anaima kuonerera mmene ndimatakasira, wina anati, "Zomatirira nsapato izo?" A Belita anamuyankha kuti alawe kaye asanatukwane. Analawa kawiri.

Ambuya akamalankhula nane sayang'ana ine, amayang'ana paphewa langa kapena khoma. Kumudzi ndinkati ndi mkwiyo. Lero andiuza kuti akandiyang'ana molunjika nkhope yanga imasowa, pamangokhala utsi, koma akayang'ana pambali amaona kuti pali munthu.

Ndilembe za ukonde wa a Gilbert, poti zikungondibwerera. Ambuya anandiphunzitsa kusoka ndili wamng'ono, ngakhale anthu ankati si ntchito ya mtsikana. Mu Juni a Gilbert, eni boti, anabweretsa ukonde wawo wa chilimira wong'ambika pa miyala. Ambuya anati mutu ukuwapweteka, ndisoke ine. Ndinasoka mlungu wonse ndikaweruka kusukulu. Nditamaliza anautambasula pa mchenga, anayang'ana, n'kunena pamaso pa a Gilbert ndi anyamata awo kuti mabowo onse ndi okhota, ngati wasoka woledzera. Anatenga mpeni n'kudula zonse. Anasokanso okha, n'kudulanso zawozo. A Gilbert anatopa, ananyamula ukonde wawo kupita nawo ku Ruarwe. Kuchokera pamenepo palibe wabweretsanso ntchito, ndipo ine ndi Ambuya timangolankhulana za madzi osamba ndi chakudya.

Ubwino umodzi wa maso awowa: ndikalira mwakachetechete pamaso pawo sadziwa.

Lachinayi, 15 Ogasiti

BP 158/92.

A Zakeyo awamasula bandeji. Anaphethira, anayang'ana denga, anayang'ana manja awo, kenako a Belita.

"Ama, mwakalamba liti chonchi? Ine ndinasiya namwali!"

"Bwezeraninso bandejiyo, a nesi," anatero a Belita, koma akupukuta m'maso ndi chitenje.

A Zakeyo anazungulira wodi yonse kupereka moni wa "Timuoneni" kwa aliyense, akuti lero mawuwo akunena zoona. Atafika pa ine anati, "Aa, kani adokotala athu ndi kamwana!" Kwa Ambuya anati, "Ada Mhone, mawa ndi inu. Sizipweteka, kungomva ngati akukutsuka mbale m'mutu."

Ambuya anaseka kwambiri. Atapita a Zakeyo anandiuza kuti ndiwapachikire jekete pa msomali lisakwinyike.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndilemba zonse.

Adokotala ndi mayi, achichepere, ovala magalasi. Anajambula m'kati mwa maso onse awiri ndi makina. Kenako anapatsa Ambuya kapepala ka mizere yopingasana ngati kope la masamu, kokhala ndi kadontho pakati. Anati atseke diso lakumanzere, ayang'ane kadontho.

Ambuya anati, "Wasoka ndani ukonde umenewu? Pakati ponse papindika, apa pabowoka."

Mizereyo inali yowongoka bwinobwino. Ine ndinaiona.

Adokotala ananditembenuzira kompyuta kuti ndione, n'kufotokoza. Ndikulemba mmene ananenera.

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala komwe chithunzi chimagwerapo. Pakati pake pali kamalo kakang'ono ngati njere ya mapira. Kamaloko ndi kamene timaonera nkhope, zilembo, ulusi. Munthu akamakalamba kamatopa, chakudya ndi mpweya sizifikapo bwino. Fodya amawonjezera. Ndiye diso limatulutsa timadzi tina toitana mitsempha ya magazi yatsopano kuti imere. Anandilembera dzina lake pachikuto cha kope: VEGF. Akuti timadziti tili mwa aliyense ndipo ndi tabwino, ndi timene timameretsa mitsempha mwana akamakula kapena bala likamapola. Koma m'diso la agogo tachuluka. Mitsempha yomera mothamanga choncho ndi yosalimba. Imadontha madzi ndi magazi pansi pa kansalu kaja, kansalu kamatupa, chowongoka n'kumaoneka chokhota. Zikakhalitsa pamachita chipsera.

Diso lakumanzere ndi chipsera kale. Pakati pake sipadzaonanso.

Lakumanja likudontha panopa. Likhoza kupulumuka, koma silingadikire. Akuti miyezi yochepa likhoza kufanana ndi linzake.

Mankhwala ake ndi jakisoni wobaya m'diso momwemo, kamodzi pa mwezi, katatu poyamba, kenako aziona. Mankhwalawo amagwira timadzi tija kuti tisiye kuitana. Adokotala achoka Lolemba masana. Akufuna BP itsike kaye pang'ono, ndipo Ambuya avomere okha.

Kenako anati, "Auze agogo ako, mwana wanga."

Onse anandiyang'ana. Mawu onse aja anathawa. Ndinangoti m'Chitonga, "Akuti si ng'ala. Lakumanzere lafa. Lakumanja akufuna alibaye ndi singano."

Ambuya anaimirira. Anati diso limodzi lomwe latsala sangalipereke kwa munthu kuti aliboole ngati la nsomba. Anati Zakeyo amutsuka, iwo bwanji osawatsuka? Anatuluka akugwira khoma, anakana dzanja langa.

Ndalakwitsa ndine. Ndinayamba ndi singano.

Loweruka, 17 Ogasiti

BP 170/98. Yakweranso.

Sanadye. Atsitsa jekete pa msomali, alipinda, aliika m'chikwama. Akuti Lolemba tikukwera minibasi yoyamba.

Ama anaimba foni. Ambuya anakana kuilandira. Ama anandiuza kuti, "Iwe ndiye uli komweko." Ndikudziwa.

A Belita abweretsa chigwada chotendera ndi nthochi za ku Mpamba. Ndadya ndekha kuseri kwa wodi.

Lamulungu, 18 Ogasiti

M'mawa kunabwera amayi a chigwirizano kudzapemphera. Ambuya anaimba nawo besi atagona, nkhope kukhoma.

A Zakeyo anayesa. "Ada Mhone, inu munalowa m'madzi kukakoka ukonde pali ng'ona, lero mukuopa kasingano?"

"Ng'ona ndinkaiona," anatero Ambuya.

A Zakeyo anabwerera pa bedi lawo osaseka. Koyamba.

Ndinapita kwa a Gideon kukafunsa ngati sizingatheke kungowapatsa odontheza. Anati odontheza safika kumbuyoko. Ndinafunsa ngati diso limaphulika. Sanandiseke. Anandionetsa singano yake ili m'pepala, yopyapyala ngati tsitsi, ndipo anati amabaya pambali, poyera, osati pakati. Anati, "Agogo ako sangamvere ine. Ine sindidziwa zomwe amakhulupirira. Iwe ukudziwa."

Nditabwerera ndinawapeza atakhala tsonga akuyang'ana windo. Windo lathu lili ndi zitsulo zoimirira ndi zopingasa. Anati, "Ngakhale mmisiri wa chipatala ndi wakuba. Taona zitsulo zokhotakhota izi."

Sindikudziwa mphamvu inachokera kuti. Ndinati, "Ambuya, tsinzinani." Ndinagwira dzanja lawo, koyamba kuchokera mu Juni, n'kuliika pamwamba pa chitsulo chapakati. Ndinatsetsereka nalo mpaka pansi. Kenako chopingasa, kuchokera uku mpaka uko.

"Chakhota pati?"

Anabwereza okha. Kawiri. Anatsegula diso, anayang'ana, anatsinzinanso, n'kupapasanso.

"Chawongoka," anatero, motsitsa.

Ndiye ndinayamba kulankhula, m'Chitonga, osayang'ana kope. Ndinati diso lanu lili ndi njala kumbuyo, ndiye likukuwa kuti thandizeni. Thupi lamva, likutumiza timitsempha. Koma likusoka mothamanga, ndi ulusi wovunda, mfundo zosamanga. Paliponse lasokapo pakudontha. Likaona kudontha likukuwanso, likusokanso. Jakisoniyo sadula kanthu, sachotsa kanthu. Amangouza wokuwayo kuti khala chete, siya kusoka, paume.

Anakhala nthawi yaitali dzanja lili pa chitsulo.

"Kusoka pomwe sipanang'ambike," anatero.

"Eya."

"Ngati ine."

Anachotsa dzanja pa chitsulo, n'kutembenukira kwa ine.

"Temwani. Chilimira cha Gilbert chija."

"Ambuya."

"Manja ankandiuza kuti mfundo zili bwino. Ndikudula ndinkamva kuti zamanga. Koma ndinati manja akalamba, diso silinama." Anapukusa mutu. "Unasoka mlungu wonse."

Ndinalira, mwakachetechete monga mwa masiku onse. Iwo amayang'ana paphewa langa.

Sananene kuti avomera. Koma madzulo anadya kondowole yense, n'kupempha piritsi lawo la BP lomwe anakana m'mawa.

Lolemba, 19 Ogasiti

BP 148/88. A Gideon anati ilibe vuto.

Ambuya anadzuka, anasamba, anatulutsa jekete m'chikwama n'kulivala. Ndinati basi tikupita ku depoti. Anati, "Tiye kwa mayi uja. Koma unditanthauzire zonse, usadumphe."

Anafunsa mafunso atatu, ine ndikutembenuza.

Kodi ndidzaona ngati Zakeyo? Adokotala anati ayi. Cholinga choyamba ndi kusunga zomwe zatsala. Ena amaonako bwino kuposa kale, ena ayi. Sangalonjeze.

Kodi lingathe kuwonongeka ndi singanoyo? Anati nthawi zina, mwa apo ndi apo, tizilombo timalowa, n'chifukwa chake amatsuka kwambiri. Koma kulisiya ndiye kulitaya ndithu.

Funso lachitatu sanafunse adokotala, anafunsa a Gideon. "Mwanayu angalowe nawo?"

Anandiveka chipewa cha pepala ndi chophimba pakamwa, anandikhazika kumapazi. Ndinawagwira chala chachikulu cha kuphazi poti manja anawafunditsa nsalu.

Ndondomeko yake: odontheza ochititsa dzanzi, katatu. Mankhwala abulauni otsukira diso ndi zikope. Kachitsulo kotsegula zikope kuti asaphethire. Adokotala anati, "Yang'anani kumwamba chakumanzere, agogo." Ndinanena m'Chitonga. Ine ndinatsinzina. Ndisanamalize "Atate wathu wakumwamba" adokotala anati tatha.

Ambuya anati, "Mwayamba?"

Aliyense anaseka, ngakhale adokotala.

Masana diso linafiira pamalo obayapo, ndipo akuti likumveka ngati muli mchenga. Akuonanso timadontho takuda tikuyandama. A Gideon akuti ndi mankhwalawo, titha masiku awiri.

A Zakeyo atuluka lero. Anabwera kudzatsanzika atavala magalasi akuda ngati woimba. "Ada Mhone, ng'ona ija yakulumani pati?" Ambuya anati pitani musanandikwezenso BP. Anagwirana manja nthawi yaitali. A Belita andisiyira mthiko wawo ndi nkhuni zotsala, ati tikamadutsa pa Mpamba mwezi wamawa tiziima, pali mphasa.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Atitulutsa. Zoti ndikauze Ama:

Osatikita diso. Madzi a m'nyanja asalowemo masiku angapo, ndiye azisamba kunyumba, nkhope kupukuta ndi kansalu koyera. Likayamba kupweteka kwambiri, kufiira kwambiri kapena kuchita mdima mwadzidzidzi, tibwere tsiku lomwelo, kaya kuli mwera. Piritsi la BP tsiku lililonse. Fodya ayi. Masamba ambiri. Nsomba zili bwino, pamenepo Ambuya anati adokotala ndi anzeru. Kapepala ka mizere kaja atipatsa, tikapachike pakhoma, aziyang'ana m'mawa uliwonse ndi diso lakumanja lokha.

Jakisoni wachiwiri: 16 Sepitembala.

Mizere ikadali yokhota. Ndinafunsa a Gideon pambali. Anati tisathamange.

Thumba lawo la fodya wa chingambwe Ambuya apereka kwa mlonda wa pageti. Mlondayo anathokoza ngati wapatsidwa mbuzi.

Lolemba, 16 Sepitembala

Tabweranso. Bedi lina, lapakati, opanda windo. Tinagona ku Mpamba kwa a Zakeyo dzulo, anatiphikira okha nsomba ya batala yokazinga n'kumatilongosolera mtundu wa chilichonse m'nyumba mwawo. Ndiphonya sukulu masiku awiri, aphunzitsi andilola.

Za mwezi uno. Ambuya anapita okha kwa a Gilbert. Sindinamve zomwe anakambirana, koma mlungu wotsatira anyamata anabweretsa ukonde pakhomo. Tsopano timasoka chonchi: ine singano, iwo amakhala pambali atatsinzina, ukonde ukudutsa m'zala zawo. Akapeza mfundo yofooka amangoti "apa". Mpeni ndimasunga ine. Anandipatsa okha.

Lero BP 140/84. Chikwangwani, diso lakumanja: mizere inayi. Mwezi watha inali iwiri. A Gideon anawabwerezetsa poganiza kuti aloweza. Pa kompyuta chotupa chija chaphwa kwambiri, ngakhale ine ndinaona kusiyana. Adokotala akuti timadzi toitana tija tagona koma sitinafe, mankhwala akatha mphamvu tidzadzuka, ndiye tisadumphe mwezi. Lakumanzere lili chimodzimodzi. Pa kapepala Ambuya akuti pakadali kokhota pang'ono chakumunsi, koma bowo lija latsekeka.

Tikudikira jakisoni pa benchi panja pa chipinda, asanawadonthezere mankhwala. Dzuwa linali kulowa pakhomo. Ine ndinali kulemba manambalawa nditawerama.

"Temwani."

"Ambuya."

"Dzutsa nkhope."

Ndinadzutsa. Sanayang'ane phewa, sanayang'ane khoma. Anatseka lakumanzere ndi chikhatho n'kundiyang'ana ine, molunjika, nthawi yaitali mpaka ndinafuna kuwerama.

"Ayi, khala choncho. Wakula. Mphuno ndi ya amayi ako, pepa."

Ndinaseka. Kenako misozi ija inayamba yokha, mwakachetechete. Sindinapukute, ndinazolowera.

Anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa kampango kawo.

"Pukuta," anatero. "Anthu aziti ndakumenya."

A Gideon anatsegula chitseko n'kuitana dzina lawo. Ambuya anaimirira, n'kunditambasulira dzanja.